Mamita 13 amene sakundichoka mmutu

Sabata ino mkalasi ya za misewu anatipatsa kasamu kooneka kophweka koma mpaka pano kakundisowetsabe mtendere. Aphunzitsi anati tiyerekeze mwana wadumphira mumsewu mwadzidzidzi, dalaivala amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti aone kenako aponde buleki. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 mu sekondi imeneyo, mabuleki akagwira pa phula louma imawonjezera ngati 5, ndiye pa mamita 13 yaima. Yothamanga makilomita 50 pa ola mu sekondi yokhayo yadya kale mamita 14, kutanthauza kuti pamalo pomwe inzake yaima iyo phazi silinafike nkomwe pa buleki, mwanayo imamuwomba ndi sipidi yonse.

Ndinabwereza katatu pa foni poganiza kuti ndalakwitsa. Madzulo ndinapita pamsewu wa kwathu pomwe ana a pulayimale amadutsira, ndinayeza ndi mapazi, mamita 13 ndi kuchokera pa chikwangwani cha sukulu kukafika pomwe amayi ena amagulitsa mandasi basi. Ndinaima pamenepo ana akudutsa chothamanga zikwama zikuwamenya kumsana, minibasi zikungoliza hutala osachepetsa ngakhale pang'ono, thupi linachita tsembwe. Ndipo ine ndemwe ndakhala ndikudandaula mu minibasi kuti mahampu amatichedwetsa.

Tinawerenganso za Graz ku Austria, mzinda womwe mu 1992 unaika malire a liwiro a 30 mmisewu yaing'ono yonse nkusiya 50 mmisewu ikuluikulu, komanso msonkhano wa ku Stockholm mu February 2020 pomwe maiko anagwirizana kuti pomwe anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto liwiro lisapose 30. Koma chandigwira mtima kwambiri nchoti chikwangwani pachokha sichimuimitsa munthu, msewu ukakhala wotambalala wowongoka dalaivala amathamanga basi, apolisi akachoka zimabwerera pomwepo. Uyenera kuupanikiza msewuwo, kukweza podutsa anthu, kuti ngakhale wopupuluma achepetse yekha. Taganizani M1 momwe imadutsira pakati pa ma trading centre, tomato mbali iyi akabaza mbali inayo, thiraki ikubwera ngati ili kutchire.

Asayimenti yathu ndi kujambula malo amodzi omwe timawadziwa, ine ndasankha pa mandasi paja. Podutsa pokwera ndayika kale, chomwe chikundivuta ndi poimira minibasi, chifukwa pomwe zimaima pano zimawaphimba ana ndipo dalaivala wakumbuyo sawaona mpaka atatulukira.