Malimu a 17 pa Wish

Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamwe n'komwe, panafika mnyamata pa Toyota Wish, kumbuyo atadzaza malimu anayi onyezimira a mainchesi 17 ndi matayala a kaunjika. "Madala, mundimangire awa, galimoto ioneke bwino." Ndinagwada n'kuwerenga pa tayala lomwe linali pa galimotoyo: 195/65 R15. Pa omwe anagulawo panalembedwa 225/55 R17. Ndinamukokera benchi.

Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa si mamilimita: ndi peresenti ya kutambalalako, ndipo imakuuzani msinkhu wa khoma la tayala. Ndinatenga chibenthu cha katoni n'kuyamba kulemba. Khoma la tayala lakale ndi mamilimita pafupifupi 127, ndipo timaliwerenga kawiri popeza lili pamwamba ndi pansi, n'kuonjezapo limu ya mainchesi 15 (R15 ija), yomwe ndi mamilimita 381. Gudumu lonse likukwana 634. Ake atsopanowo anapitirira 679.

"Nanga si pang'ono pokha?" anatero. Pang'ono pamenepo ndi 7 peresenti, pamene ife sitifuna kupyola 3. Muvi wa liwiro ukaloza 100, galimoto ikhala ikuthamanga 107, ndipo apolisi a pamsewu akaima ndi kamera yawo samva zoti ndi malimu atsopano. Komanso Wish imanyamula anthu 7. Ikadzaza n'kukhota, tayala lotere limakhula madigadi mpaka kumveka fungo la labala. Limu ikakula khoma lichepe, gudumu likhale msinkhu womwewo. Ndinamulembera 225/45 R17, yomwe imabwerera pa 634, kapena 215/45 R17 ngati akufuna yosakhula konse. Anachoka nkhope itagwa, poti wogulitsa uja sabweza ndalama.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse: kumata mapanchala, kupopa, kubalansa. Bambo wina anabwera ndi malimu ochotsa pa Mark X kuti alowe pa Allion. Mabowo ndi asanu konsekonse, koma bwalo lomwe mabowowo amapanga ndi lotambalala mamilimita 114.3 pa Mark X, pamene pa Allion ndi 100. Mnyamata wanga wophunzira ntchito anafuna kukakamiza ndi sipanala, ndinachita kumulanda.

Lachinayi ndiye ndinaona chomwe ndimadandaula nacho pa matayala opyapyalawa. Mayi wina anagwera m'dzenje pa M1 akuchokera ku Dedza, atamanga 215/45 R17. Khoma lake silikwana mamilimita 100, ndiye dzenje linaluma limu mwachindunji. Mlomo wa limu unapindika ngati wa mbale yogwa pa simenti, ndipo m'mbali mwa tayala munatuluka chotupa chonga dzira. Chotupa chimenecho sichimatika, ulusi wa mkati umakhala waduka. "Mayi, ili latha," ndinawauza. Anandiyang'ana ngati ndine ndinakumba dzenjelo. Kunena zoona, pa misewu yathuyi ine ndimakonda 15 wokhala ndi nyama yambiri, ngakhale anyamata amati ndi matayala a agogo.

Loweruka masana wa Wish uja anabweranso atasinthitsa, moonjezera ndalama, ndi 215/45 R17. Ndisanamange ndinayang'ana manambala anayi a tsiku lopangidwa, amene amakhala m'mbali mwa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Atatu anali abwino. Tayala lachinayi linalembedwa 2314, kutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2014, ndipo m'mizere yake munali timing'alu. Limenelo ndinalikana, anakabweretsa lina dzuwa litapendeka. Titamanga ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, n'kukweza anyamata anayi kumbuyo. Palibe chomwe chinakhula.

Pochoka anafuna kundigulitsa malimu ake akale a 15 motchipa. Ndinamuuza awasunge kunyumba, mvula ikubwera.