Masekondi 30 ogulitsira galimoto yosakongola

Pa zonse zimene ndakhala ndikuphunzira za kutsatsa malonda pa wailesi yakanema, nkhani ya galimoto yosakongola ndiyo yandiganizitsa kwambiri. Yokongola sivuta: mumaiyendetsa pamsewu wokhotakhota dzuwa likulowa, basi. Mutu umakula galimotoyo ikakhala yonyamula anthu, katundu, mwinanso yogonamo, koma nkhope yake yosati n'kuiyang'ana kawiri.

Pontiac Aztek ndi chitsanzo chimene ophunzira ntchitoyi sachizemba. General Motors inayamba kuigulitsa ku America mu 2000, ikuipangira ku Ramos Arizpe, Mexico. Inali ndi injini ya malita 3.4, bokosi losungiramo zakumwa zozizira lomwe linkatheka kuchotsedwa pakati pa mipando yakutsogolo, ndipo wogula ankatha kuwonjezera tenti yomangirira kumbuyo, matiresi opopa ndi pampu yake. Uthenga wa kampaniyo unkati mwina palibe galimoto ina padziko yogwira ntchito zambiri chotere. Anaitsatsanso kudzera mu pulogalamu ya mpikisano ya Survivor pa wailesi yakanema ya CBS chaka chomwecho, wopambana n'kupatsidwa imodzi. Anthu anaiona ndithu, mamiliyoni. Kampani inkayembekezera kugulitsa pafupifupi 75,000 pa chaka, koma ku America sinafike ngakhale 28,000 chaka chilichonse, ndipo 2005 ndi pomwe inathera.

Si chilungamo kukankhira zonse kwa otsatsa. Mtengo unali wokwera kwa achinyamata amene ankawafunawo, ndipo thupi lake linamangidwa pa maziko a galimoto yonyamula banja, n'chifukwa chake linkaoneka lalitali mopanda dongosolo. Komabe lonjezo lakuti "imachita zonse" lili ndi chilema chake. Woonera sangagwire zinthu zisanu ndi ziwiri m'masekondi 30. Mukamuonetsa tenti, kenako njinga, kenako bokosi la zakumwa, chilichonse kwa masekondi awiri, chimene chimabwerabe m'zithunzi zonse ndi nkhope ija, ndiye n'chimene amapita nacho kogona.

Volkswagen Beetle inadutsa njira ina. Kuyambira 1959 kampani yotsatsa ya Doyle Dane Bernbach ku New York inavomera poyera kuti kagalimotoko n'kakang'ono komanso kosakongola. Uthenga wawo wa pakanema wa 1964 ukuonetsa mwamuna akudzuka kukadali mdima, n'kuyendetsa Beetle m'chipale chofewa chochuluka mpaka kukafika pamene pali chigalimoto chokokolola chipalecho, chomwe iye ndiye dalaivala wake. Funso ndi limodzi: wolambula msewu amafika bwanji kuntchito msewu usanalambulidwe? Yankho lake n'loona, chifukwa injini ya Beetle ili kumbuyo, ikulemera pamatayala amene amakankha, ndipo imazizira ndi mpweya, mulibe madzi oti aundane. Ntchito imodzi, yoonetsedwa mpaka kumapeto.

Ndiye masekondi 30 aja ndingawagawe chonchi. Atatu oyamba galimoto ioneke yonse, osaibisa kuseri kwa fumbi kapena mdima. Wogula akadzaipeza pamsewu ili yosiyana ndi ya pakanema amaona kuti anamupusitsa. Kuyambira pamenepo mpaka pafupi sekondi ya 22, igwire ntchito imodzi imene zinzake za mtengo womwewo sizingathe, ndipo gawo lovutalo lijambulidwe mosadula. Ngati mpando umapindika ndi dzanja limodzi, dzanjalo lioneke kuyambira kugwira mpaka kusiya, chifukwa mukadula pakati woonera amaganiza kuti penapake panavuta. Ndikanapatsidwa Fiat Multipla ya 1998 kuti ndiitsatse, sindikanataya nthawi ndi nyali zake zija za m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Ndikanaika kamera pamalo amodzi, akuluakulu asanu ndi mmodzi n'kutuluka m'galimoto yosakwana mamita 4, atatu kutsogolo atatu kumbuyo. Masekondi asanu otsatira ndi a chiganizo chimodzi, atatu omaliza dzina ndi mtengo.

Pojambula, zolakwika zambiri zimachokera ku lenzi, galasi la kamera. Lenzi yoona mbali yaikulu, monga ya mamilimita 24, ikayandikira kutsogolo imatupitsa mphuno ya galimoto, chilema n'kukula kawiri. Bwererani m'mbuyo mugwiritse ntchito ya 85 kapena 135, imene imaphwatalitsa maonekedwe. Kamera ikhale chapansi, cha m'mwamba mwa tayala, ikuona kutsogolo ndi mbali nthawi imodzi. Penti ya galimoto ili ngati kalilole, choncho simuwalitsa galimotoyo koma zimene ikuonetsa: nsalu yaikulu yoyera pamwamba, kapena thambo la m'bandakucha. Dzuwa la masana limasiya madontho owala pa boneti ndi mithunzi yakuda pansi pa mzere uliwonse wokhota. Mtundu nawo ndi nkhani. Aztek yoyamba inali ndi pulasitiki wotuwa m'munsi monse, woonekera patali pa galimoto yachikasu kapena yofiira; pa ya 2002 pulasitiki wambiri anamupaka mtundu wa thupi. Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani ya penti yoderako kuti malirewo asafuule.

Nthabwala ya kusakongola ndi mchere, ikhale kamodzi ndipo ichokere kwa mwini galimoto, osati anthu ena akumuseka. Palibe amene amatulutsa ndalama kuti akhale choseketsa cha pamsewu. Ngozi ina ndi nthabwala yokoma kwambiri moti anthu amaibwereza koma dzina la galimoto osalikumbuka.

Musanatumize ku wailesi, onetsani uthengawo kwa anthu khumi amene sanakhudzidwe ndi ntchitoyi, mawu mutazimitsa, kamodzi kokha. Mawa lake afunseni dzina la galimotoyo ndi chimene inachita. Ambiri akatchula maonekedwe okha, bwererani ku gawo lapakati lija muchotsemo ntchito zonse kupatula imodzi.