Zimene Ndinaphunzira pa Mtsutso wa Ndende ndi Kupalamulanso

Pa maphunziro athu a zaumbanda ndi chilango, aphunzitsi anatigawa m'magulu awiri kuti tichite mtsutso pa funso lakuti kodi ndende ingathe kusintha munthu, kapena ntchito yake ndi kulanga kokha. Ine ndinagwera m'gulu loikira kumbuyo kukonza khalidwe la akaidi, ndipo ndinakondwa chifukwa ndi zimene ndinkakhulupirira kale. Tsiku la mtsutsolo ndinabwera ndi manambala awiri papepala. Yoyamba inali ya mu lipoti la 2018 la Bureau of Justice Statistics, nthambi ya boma la United States yosonkhanitsa manambala a zaumbanda, lomwe linatsatira akaidi otulutsidwa mu 2005 m'zigawo 30 za United States, ndipo linapeza kuti 83 pa 100 alionse anali atamangidwanso pofika zaka 9. Yachiwiri inali ya ku Norway, kumene pafupifupi 20 pa 100 alionse ndiwo amapezekanso olakwa m'zaka ziwiri. Ndinawerenga manambalawo mokweza, n'kunena kuti kusiyana kumeneku kwathetsa kale nkhani yonse.

Aphunzitsi sananditsutse. Anangotenga choko n'kulemba mizere itatu pabolodi: kumangidwanso, kupezekanso wolakwa kubwalo, kubwerera kundende. Kenako anandifunsa mofatsa kuti, "Nambala yanu yoyamba ili pa mzere uti, nanga yachiwiriyo ili pa uti?" Ndinayang'ana pepala langa kwa kanthawi ndipo ndinayankha kuti, "Aphunzitsi, zili pa mizere yosiyana." Kumangidwa ndi apolisi sikutanthauza kuti munthu wapalamula, pakuti ambiri amamasulidwa mlandu usanafike n'komwe kubwalo. Komanso zaka 9 si zaka ziwiri: lipoti lomwe lija likusonyeza 44 pa 100 m'chaka choyamba ndi 68 pa 100 pofika zaka zitatu. Pamwamba pa izo, dziko limene limatsekera anthu ambiri a milandu yopepuka kwa nthawi yochepa limakhala ndi akaidi osiyana ndi a dziko lina, kotero kuti kuyerekeza manambala awo popanda kufunsa kuti otsekeredwawo ndi otani n'kudzinamiza.

Vuto lomweli ndi lalikulu kwambiri pa nkhani ya parole, kumene kuli kutulutsa mkaidi nthawi yake isanakwane kuti akamalizire chilango ali kunja, moyang'aniridwa ndi motsatira malamulo amene wapatsidwa. Anzanga a m'gulu lathu ankanena kuti otulutsidwa mwa njira imeneyi sapalamulanso kawirikawiri poyerekeza ndi amene amagwira ukaidi mpaka tsiku lomaliza. Mnzathu wina wa gulu linalo anayankha bwino kwambiri, kuti komiti yoona za parole imasankha dala anthu amene akuoneka kuti sangavutenso, n'kusiya oopsawo m'kati. Zotsatira zabwinozo zingakhale umboni wakuti komitiyo imadziwa kusankha, osati wakuti parole yasintha munthu aliyense. Palinso mbali ina imene imakokera manambala kwina: munthu woyang'aniridwa akhoza kubwezedwa kundende chifukwa chojomba kukaonana ndi womuyang'anira kapena kusamuka osadziwitsa, ngakhale sanabe kapena kuvulaza munthu, ndipo iyeyo amawerengedwa pamodzi ndi obwereza milandu.

Nditabwerera ku laibulale ndinafunafuna umboni umene sungagwe ndi funso lomweli. Umene unandigwira mtima ndi wa katswiri wa zachuma Ilyana Kuziemko, amene anaunika zimene zinachitika m'chigawo cha Georgia ku United States pamene mu 1998 akuluakulu analamula kuti opezeka olakwa pa milandu ina azigwira magawo 90 pa 100 a chilango chawo asanaganiziridwe zotuluka. Akaidi amenewo atadziwa kuti khalidwe lawo silingafupikitsenso masiku, anayamba kuphwanya malamulo a m'ndende kwambiri, omaliza maphunziro okonza khalidwe anachepa, ndipo obwereranso kundende atatuluka anachuluka kuposa kale. Apa ndinamvetsa kuti mphamvu ya parole imayambira m'kati mwa ndende, pamene munthu akudziwa kuti zochita zake za lero zili ndi phindu. Maganizo amenewa si atsopano, pakuti Alexander Maconochie, mkulu wa ndende, anayesa kale zimenezi pa chilumba cha Norfolk, kum'mawa kwa Australia, kuyambira mu 1840, pomwe akaidi ankapata malikisi chifukwa cha ntchito ndi khalidwe, n'kumayandikira nawo ufulu wawo.

Ndinawerenganso za Robert Martinson, wofufuza wa ku United States, amene mu 1974 analemba nkhani yochokera pa kafukufuku 231 wa mapologalamu okonza akaidi, ndipo anthu anaifupikitsa m'mawu akuti palibe chimene chimathandiza. Andale anagwiritsa ntchito mawuwo pokhwimitsa zilango, ndipo lamulo la 1984 linathetsa parole pa milandu ya boma lalikulu la United States. Chimene chimandipweteka n'chakuti Martinson anabweza mbali yaikulu ya mawu ake mu 1979, koma ochepa ndiwo anamumva. Pambuyo pake akatswiri a ku Canada, Don Andrews ndi James Bonta, anasonyeza kuti funso loyenera ndi lakuti chithandizo chiti chimathandiza munthu uti. Anati thandizo lalikulu lipite kwa amene ali pachiopsezo chachikulu chopalamulanso, lilimbane ndi zimene zimamukankhira ku umbanda monga anzake oipa, mankhwala ozunguza bongo ndi kusowa ntchito, ndiponso liperekedwe m'njira imene iye angaimve. Zimenezi zinandichititsa kuvomereza kuti si chilichonse chotchedwa kukonza khalidwe chimene chili chabwino. Mapologalamu otengera achinyamata kundende kuti akaidi akawaopseze, monga amene anatchuka kundende ya Rahway ku New Jersey, atayesedwa mosamala anapezeka kuti amawonjezera kupalamula m'malo mochepetsa.

Ku nkhani ya Norway ndinabwererako ndi maso ena. Manudeep Bhuller ndi anzake anatengerapo mwayi pa dongosolo lakuti kumeneko milandu imagawidwa kwa oweruza mwamaere, ndipo oweruza ena ndi okhwima pamene ena ndi ofewa. Motero anthu a milandu yofanana amalandira zigamulo zosiyana popanda wina kuwasankha. Anapeza kuti amene anapita kundende ankapalamulanso mochepa m'zaka zisanu zotsatira, ndipo phindulo linali makamaka mwa amene sankagwira ntchito asanamangidwe, omwe anaphunzira ntchito ali m'kati n'kukalembedwa atatuluka. Umboni umenewu ndi wocheperapo poyerekeza ndi zimene ndinkafuna kunena tsiku la mtsutso, chifukwa ukunena za ndende za dziko limodzi zimene zili ndi aphunzitsi ndi malo ophunziriramo ntchito, koma ndingathe kuuikira kumbuyo pamaso pa aliyense.

Nkhani yanga yolemba ya teremu ino ndaiika pa masabata oyamba munthu atangotuluka, chifukwa manambala a kupalamulanso amawerenga okhawo amene ali moyo. Kafukufuku wa Ingrid Binswanger ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anatsatira otulutsidwa m'ndende za chigawo cha Washington, ndipo anapeza kuti m'masabata awiri oyamba chiopsezo chawo cha imfa chinali choposa cha anthu ena pafupifupi ka 13, makamaka chifukwa chomwa mankhwala ozunguza bongo mopitirira muyeso thupi litaiwala kale mlingo wake wakale. Nditawaonetsa aphunzitsi ndondomeko ya nkhaniyo, anandiuza kuti pa nambala iliyonse ndilembe pambali pake amene anawerengedwa, chimene chinawerengedwa ndi kutalika kwa nthawi, ndipo ndayamba kale kutero m'kope langa.