Ulendo wathu wa ku Lusaka wokaona penti wa sitachi

Ife opaka penti ndi akalipentala a gulu lathu tinanyamuka ku Chipata m'bandakucha, ndipo titadutsa Katete, Petauke ndi mlatho wa Luangwa tinafika ku Lusaka dzuwa litapendeka. Tinapita kukaona m'labotale momwe akatswiri akuyesera kupanga penti wosungunula ndi madzi pogwiritsa ntchito sitachi wa chinangwa ndi chimanga.

Mayi amene anatilandira anadontheza ayodini pa ufa woyera umene unali m'mbale, ufawo n'kuda bii ngati inki, ndipo anati umo ndi momwe sitachi amadziwikira. Asanapitirize, wachikulire wa gulu lathu anafunsa kuti, "Amayi, phala la chinangwa timalidziwa, timamatira nalo mapepala, koma likanyowa limasungunuka, nanga pakhoma la ku Kapata, komboni ya ku Chipata, m'mwezi wa Januwale lidzalimba bwanji?"

Mayiwo anavomera kuti vuto lagona pomwepo, chifukwa sitachi amamwa madzi. N'chifukwa chake amamulumikiza ndi akiriliki, mtundu wa pulasitiki umene umachokera ku mafuta a pansi, kuti ziwirizo zipange timibulu tating'onoting'ono toyandama m'madzi. Tambiri timakhala pafupifupi mananomita 100, pamene tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Madzi akamauma pakhoma, timibuluto timathithikana mpaka kugwirana n'kukhala chikhungu chimodzi. Kenaka anathira madzi pa matabwa awiri. Lopaka sitachi yekha linayera mbuu, ndipo nditalikhudza linanditsalira kuchala ngati phala, koma pa linzake, lopaka sitachi wolumikizidwa ndi akiriliki, madzi anangoima timadontho n'kugubuduka.

Ine chimene chinandikhudza kwambiri ndi fungo. Ndapaka penti wamafuta zaka zambiri m'zipinda zotseka, ndipo litsipa ndi chizungulire zobwera ndi thina, mankhwala osungunulira pentiyo, ndimazidziwa bwino, koma m'chipinda chija tinakhala nthawi yonseyo tikupuma momasuka. Komabe ndinanena poyera kuti ntchitoyi ikakula idalire chinangwa, osati chimanga cha m'nkhokwe, pakuti kwathu kuno chimanga ndi nsima, ndipo chilala cha 2024 sitinachiiwale.

Za chiswe ndi nkhungu anatiuza kuti amathiramo mankhwala oteteza, popeza tizilombo timadya sitachi. Tinapempha thabwa limodzi lopakapaka, ndipo talikhomera panja pa shedi yathu, mbali imene mvula imawomba, kuti tidzaliyang'ane mu Epulo.