Mwana wanga wayamba kutola nyemba ndi tizala tiwiri

Dzulo ndinakhala pakhonde kuothera dzuwa ndikusankha nyemba, kuzizira kwa kuno ku Dedza mukukudziwa, ndiye mwana wanga wa miyezi 9 anakwawa mpaka pa lichero n'kutola kanyemba kamodzi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi, abale chimwemwe chake! Ndinamulanda msangamsanga, pano chilichonse chikumathera kukamwa, angatsamwidwe.

Ndikukumbuka atangobadwa, ukamuika chala m'kadzanja ankafumbata zolimba, agogo ake amvekere "uyutu adzalima ameneyu". Anesi kusikelo anandiuza kuti zimenezo zimangochitika zokha, khanda silidziwa n'komwe, ndipo zimatha pofika miyezi 4 mpaka 6. Kenako anayamba kutambasula dzanja kufuna ndolo zanga, kuphonya, kuyesanso, pofika miyezi 7 ankagwira supuni ndi chikhatho chonse n'kumaisinthira dzanja linalo.

Koma kusiya ndiye nkhani ina. Kutsegula zala mwadala ana amaphunzira mochedwerapo, akagwira meshi yanga ndimachita kumasula kachala kamodzikamodzi. Pano ndikumamuikira tizidutswa ta kachewere wophika bwino m'kambale azitola yekha, ine ndili pompo kumuyang'ana.