Foni ya mayi imabwera usiku

Lachitatu.

Mawu a mtsikana uja sakuchoka m'mutu mwanga, ndiye bola ndiwalembe.

Sabata yatha ahedi anatiuza kuti teremu ikubwerayi sukulu yathu iyamba kuphunzitsa maphunziro ena pa intaneti, ndipo mphunzitsi aliyense abweretse dongosolo la momwe ayambire. Ine ndinakondwa nazo. Za mu 2020 sindinaziiwale, pamene COVID-19 inatseketsa sukulu, ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni padziko lonse n'kukhala panyumba malinga ndi bungwe loona za maphunziro la UNESCO, ife aphunzitsi manja ali m'khosi. Sindifuna zotere zidzatipezenso tili chimanjamanja.

Ndiye lero ndinafunsa kalasi langa kuti ndani ali ndi foni ya intaneti kunyumba. Manja anakwera ambiri, mtima wanga n'kukhala pansi. Belu litalira, mtsikana wina wofatsa, wolemba bwino kwambiri, anatsalira ngati akulongedza mabuku.

"Madamu, ndinakweza mkono chifukwa anzanga anakweza. Foni ilipo, koma ndi ya mayi. Amapita nayo kuntchito, imabwera usiku batire itatha. Komanso apasukulu tilipo atatu."

Anangonena zomwezo n'kutuluka.

Ndili ndi zimenezo m'mutu ndinakumana ndi aphunzitsi a sayansi m'chipinda cha aphunzitsi. Ndi achinyamata, olimbikira, ndipo za kompyuta amazidziwa kuposa tonsefe. Dongosolo lawo analemba kale.

"Madamu, nkhaniyi ndi yophweka. Titsegule Google Classroom, phunziro lizichitika pa Zoom nthawi ya 3 koloko masana, amene walowa tamulemba kuti wabwera."

"Nanga amene sanalowe, Aphunzitsi?"

"Ameneyo wajomba."

Apa ndi pamene mtima unanditentha. Ndinawafotokozera za mtsikana uja, iwo n'kuyankha kuti sitingaimitse kalasi lonse chifukwa cha ana ochepa. Mawu amenewa ndawamva kambiri, ndipo amandiwawa nthawi zonse, chifukwa ochepawo ndi amene sukulu ya boma inakhalira. Sukulu yolipira ikhoza kuuza kholo kuti mwana abwere ndi tabuleti, apo ayi akayese kwina. Ife tilibe kwina koti timutumize mwana. Aliyense wolowa pageti ndi wathu. Ndinawakumbutsanso kuti mu Ogasiti 2020 UNICEF inapeza kuti ana osachepera 463 miliyoni, pafupifupi mmodzi mwa ana atatu alionse apasukulu, sanafikiridwe ndi maphunziro a patali pamene sukulu zinali zotseka. Ana ochepa amenewo?

Sitinakangane mokweza mawu, koma tinakokana nthawi yaitali, mpaka ena anatuluka. Iwo mfundo yawo ndi yakuti mwana amafunika kuona nkhope ya mphunzitsi ndi kufunsa pompopompo. Ndi zoona, sindikutsutsa. Koma phunziro la vidiyo la pompopompo ngati la pa Zoom limafuna zinthu zitatu pa nthawi imodzi: foni ikhale m'manja mwa mwana pa ola lomwelo, netiweki isadukeduke, ndiponso data yambiri, chifukwa vidiyo ndiyo imadya data kuposa china chilichonse. Chimodzi chikasowa, phunziro lamudutsa ndipo silibwereranso. Pamene ndikajambula mawu anga kwa mphindi zisanu ndikufotokoza mutu umodzi, n'kuwatumiza limodzi ndi tsamba la PDF la mafunso, mwana akhoza kuzikopera foni ikafika usiku, kumvetsera kawiri katatu, kulemba mayankho m'kope lake, n'kujambula tsambalo mawa lake. Phunziro limamudikira. Ngakhale Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002 ndipo ndi yaulere, ili ndi pulogalamu ya pafoni yolola kukopera phunziro n'kumaliwerenga intaneti itazima. Palinso pulogalamu ina yophunzitsira yotchedwa Kolibri, yopangidwira malo opanda intaneti n'komwe. Njira zilipo. Chofunika ndi kuyamba ndi kufunsa kuti mwana ali ndi chiyani m'manja, ndipo nthawi yanji, tisanasankhe pulogalamu.

Ndinatopa, kunena zoona. Kutopa kwake kwa munthu amene akuoneka ngati akukana chitukuko pamene akuchifuna. Popita kunyumba ndimangodziyankhula ndekha, kubwereza zimene ndikanawonjezera.

Ndipo pali china chimene sitinachikhudze n'komwe, chandibwerera pompano. Ambiri akuti tingopanga gulu la WhatsApp basi. Koma m'gulu lotere nambala ya aliyense imaoneka kwa onse. Nambala ya mtsikana wa zaka 14 ikhala m'foni za anthu angati? Mphunzitsi azilemberana ndi wophunzira payekha usiku, popanda wina woona? Zimenezi zikufunika lamulo lolembedwa, makolo alidziwe ndi kuvomereza tisanatumize uthenga woyamba. Komanso ifeyo, mwana akafunsa funso 10 koloko usiku chifukwa ndi pamene foni yafika, tiyankha nthawi yomweyo kapena m'mawa? Ngati sitigwirizana pano, aphunzitsi achifundo adzapsa ndi ntchito teremu isanafike pakati, enawo n'kungozimitsa mafoni.

Madzulo ano aphunzitsi a sayansi aja anditumizira uthenga: "Madamu, bwanji tiyese zonse ziwiri, Zoom tiziijambula n'kutumiza?" Ndaona kuti nkhaniyi sinawachoke nawonso, ndipo zandisangalatsa. Koma vidiyo ya phunziro lonse ndi yolemera, mtsikana uja sangaikopere. Sindinawayankhe.

Dongosolo likufunika Lachisanu. Ndalemba mzere umodzi wokha, woti mwana aliyense afunsidwe payekha, papepala, osati pokweza manja. Ndipo kumbuyo kwa kalasi kuja kunali anyamata ena amene sanakweze mkono n'komwe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatsalira kudzandiuza kanthu.