Munthu mmodzi, voti imodzi mu app ya alimi

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Chipata, tamverani. Mu app yathu yomwe alimi amagawana malangizo a nshawa ndi soya, aliyense amavotera langizo ngati lamuthandiza kapena ayi. Ambiri amathamangira kuika nambala imodzi pa langizolo n'kumangowonjezerapo 1. Chonde musatero, nambala siikumbuka amene anavota.

Ife tinapanga tebulo lakelake la mavoti: user_id (nambala ya wovota), post_id (nambala ya langizo), ndi voti yake, +1 kapena -1. Ndiye tinamanga unique constraint pa user_id ndi post_id pamodzi, lamulo la mu database loti munthu mmodzi asakhale ndi mizere iwiri pa langizo limodzi. Ganizirani mlimi wa ku Vubwi netiweki ikuvuta. Wadina, foni yangoti zii, wadinanso, wadinanso. Netiweki ikabwerera, zonsezo zimafika pa seva nthawi imodzi. Kufunsa mu code kuti "kodi anavota kale?" sikokwanira, poti zopempha ziwiri zitha kufunsira limodzi, zonse n'kuuzidwa kuti ayi. Database yokha ndiyo ingakane voti yachiwiriyo. Database ya PostgreSQL ili ndi ON CONFLICT DO UPDATE, lamulo losintha mzere umene ulipo kale m'malo moika wina, kuyambira mu version 9.5 ya 2016, moti munthu akasintha maganizo, mzere womwewo ndiwo umasintha.

Chiwerengero chonse timachisungabe pa langizo kuti lizitseguka msanga, koma chimasinthira mu transaction yomweyo yolemba voti, kutanthauza kuti zonse ziwiri zimatheka limodzi kapena kulephera limodzi.

Chomwe sindigonja nacho ndi chinsinsi cha -1. Kuno timadziwana, timakumana ku msika wa Kapata ndi kutchalitchi. Mayi akadziwa kuti dzina lake lioneka, sangatsutse langizo la apongozi ake ngakhale likuwononga mbewu. Choncho mayina akhale mu database basi, pa foni pazioneka nambala yokha.